Apindike ndani, munthu kapena chitsulo?

Pali bodza lina limene lamera mizu pa masiteji a kabaza kuno kwathu, kuyambira pa Ludzi pano, pa Kamwendo, mpaka ku boma. Bodza lake ndi loti njinga yamoto iyenera kukhala momwe inabwerera. Akuti chilichonse chili pamenepo anachiyeza akatswiri ku fakitale, ndiye iwe mwana wa ku Mchinji ndiwe ndani kuti uzisunthasuntha zinthu? Ngati ndiwe wamtali, pindika. Ngati phazi lako ndi lalikulu, uzolowera. Ukangodandaula pang'ono, siteji yonse kufa nalo phwete: "Akulu, njinga yakucheperani iyi, kaguleni thirakitala."

Ine bodzali landikwana, ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti anthu amene amalilalikira salikhulupirira n'komwe. Taonani njinga zawo zomwezo. Pa kaliyala anawotchererapo zitsulo zina kuti pazikwana matumba atatu a mtedza. Mpando anautalikitsa kuti pakhale mayi, mwana ndi dengu. Sipika ili pa thanki, timagetsi tobiriwira tili paliponse ngati mtengo wa Khirisimasi, kumbuyo kukulendewera chilabala cholembedwa mawu onyoza ansanje. Zonsezi fakitale sinaike. Palibe amene anapempha chilolezo ku China kapena ku India. Koma tsiku limene woyendetsa wanena kuti chitsulo cha giya chikwezedwe pang'ono kuti phazi lizilowa, pomwepo aliyense wasanduka injiniya: "Ayi ayi, zimenezo musagwire, muwononga giya bokosi."

Thumba la mtedza tikulikonzera malo. Munthu amene akuyendetsa, ayi.

Kwa inu amene simunakhalepo kutsogolo, ndikufotokozereni kaye. Phazi lamanzere limakhala pa chopondera, ndipo kutsogolo kwake kuli chitsulo chosinthira magiya, chimene amakaniko amangoti giya liva. Pa njinga zam'tchire zija timaziona ndi alangizi a zaulimi, azaumoyo ndi anthu a mabungwe, monga Yamaha DT, giya yoyamba umaponda pansi, zotsalazo umakokera m'mwamba ndi chala chakuphazi. Kuti ukoke, nsonga ya nsapato iyenera kulowa pansi pa chitsulocho phazi lili chikhalire pa chopondera. Munthu wovala saizi 7 amachita zimenezi osaganiza n'komwe. Wa saizi 11, makamaka dzinja atavala jombo, mpata umenewo palibe. Ndiye amatani? Amachotsa phazi lonse pa chopondera, kulibweza m'mbuyo, kulilowetsa cham'mbali, kenako kukoka ndi mwendo wonse kuchokera m'chiuno. Nthawi yonseyo njinga ikuyenda, thupi lapendekera mbali imodzi, mwina ali mumchenga, mwina m'matope oterera a m'dambo. Ndipo mwendo wonse ulibe muyeso ngati chala. Pena umaperewera, giya n'kugwera pa fili pakati pa yoyamba ndi yachiwiri. Injini kukuwa, njinga osakoka, pa chitunda, kumbuyo kuli ine ndi chikwama changa cha laputopu.

Njinga zambiri za kabaza zili ndi chitsulo cha mbali ziwiri, kutsogolo kwa chala, kumbuyo kwa chidendene. Amene anaganiza zimenezi anaganiza bwino, chifukwa ngakhale wovala patapata amasintha giya osasupuka chala. Koma phazi likatalika limadzaza mpata wonse wa pakati, chala chakhudza kutsogolo, chidendene chakhudza kumbuyo, ndiye bampu iliyonse ikufuna kukusinthira giya. Njira imene anyamata aatali anapeza ndi kutembenuzira phazi kunja ngati bakha. Mukadzaima pa siteji mudzayang'ane mapazi awo akamanyamuka. Phazi lolozera kunja ndi limene limayamba kukumana ndi chitsa, mzere wa m'munda, kapena pedulo ya njinga yakapalasa imene mukudutsana nayo pa kanjira kopanikiza.

Kumanja n'chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Chopondera buleki chikakhala pamwamba, phazi lalikulu latsala ndi njira ziwiri ndipo zonse ndi zoipa. Ukaligoneka pamenepo, buleki imagwira pang'onopang'ono ulendo wonse, mashuzi kutentha ndi kutha msanga, petulo kupita, nyali ya kumbuyo kuyaka osazima mpaka wobwera pambuyo sadziwanso kuti ukuima liti. Ukaliika pambali, kutali ndi buleki, mbuzi ikadumphira mumsewu uyambe kaye walinyamula, kulibweretsa, kenako kuponda. Masamu ake ndi a Fomu 2: pa liwiro la makilomita 40 pa ola, njinga imayenda mamita 11 pa sekondi imodzi. Theka la sekondi lofufuzira buleki ndi mamita oposa 5. Mwana wochokera ku sukulu amakwana pamenepo, ndi mnzake yemwe.

Msuweni wanga wina, munthu wotalika moti m'nyumba ya agogo amalowa chowerama, wakhala pa kabaza zaka zitatu pa njinga ya eni. Akakhala pa mpando mawondo amakwera kupitirira chiuno, akakhota kwambiri handulo imagunda bondo. Madzulo akatsika amayenda ngati nkhalamba, dzanja pa msana, munthu wa zaka 26. Anapempha bwana wake kuti asunthe chitsulo cha giya ndi kuwonjezera siponji pa mpando. Yankho linali lalifupi: "Iwe, njinga ndi yanga. Ngati sukukwanapo, anyamata ofuna ntchito ndi ambiri." Ndipo n'zoona, ndi ambiri, enafe ndi madigiri athu tayamba kuiyang'ana ndi diso lina ntchito yomweyo. Ndiye munthu amangoti chete, kugula panado pa okala, mawa kulawira kukasaka ndalama ya bwana ya tsikulo. Bwana yemweyo ndi amene analipira wowotcherera kuti akulitse kaliyala.

Tsopano imvani kuchepa kwa ntchito imene akuikanizayo. Chitsulo cha giya sichinamatidwe ku injini. Chimavala pa kashafuti kotuluka mu injini, kashafutiko kali ndi timano kuzungulira, chitsulonso chili ndi timano take mkati, ndipo chimagwidwa ndi bawuti imodzi, kawirikawiri ya sipanala ya 10. Timanoti ndi timene timagwira chitsulo kuti chisazungulire pachabe, komanso ndi tomwe timalola kuti uchiike pamene ukufuna. Umayamba walemba kachizindikiro ndi penti kapena msomali pa shafuti ndi pa chitsulo kuti udziwe pamene chinali. Umamasula bawuti n'kuichotseratu, chifukwa imadutsa m'kangalande ka pa shafuti, ndipo ikakhala momwemo chitsulo sichituluka. Ukachikakamiza ndi nyundo ndiye wawonongadi mano. Umasolola, kutembenuza dzino limodzi m'mwamba, kubwezera, kumanga zolimba. Dzino limodzi lokha kaye, chifukwa kumapeto kumene kuli phazi limasuntha chitsulo mwina chala chimodzi kapena ziwiri. Kenako umakhalapo utavala nsapato zimene umagwirira ntchito, osati zopitira ku tchalitchi, kuyesa magiya onse, kuonetsetsa kuti chitsulo sichikugunda chivundikiro cha injini chisanamalize ulendo wake. Mkati mwa giya bokosi simunakhudzidwe kanthu. Mphindi khumi basi. Bwana akadzafuna kugulitsa njinga, kachizindikiro kaja kalipo, adzabwezere.

Buleki nayo, pa njinga zambiri, ili ndi kabawuti koimitsira chopondera pa msinkhu umene ukufuna, ndi nati ya kumapeto kwa ndodo yopita ku gudumu lakumbuyo. Ukatsitsa chopondera uyenera kubwerera ku natiyo kuti chiziyenda mamilimita 20 mpaka 30 buleki isanagwire, monga amanenera mabuku a tinjinga tambiri totereti, kenako kusuntha kaswitchi ka nyali kuti iziyaka pa nthawi yake. Handulo imagwidwa ndi mabawuti anayi: kumasula, kuikankhira kutsogolo pang'ono, bondo lapeza malo. Ukatero khotetsa mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri injini ikulira, ukamva ikukwera yokha dziwa kuti waya wa moto wakokeka, bweza pang'ono. Mashoko akumbuyo ali ndi masitepe, nthawi zambiri asanu, olimbitsira sipuling'i. Munthu wa makilogalamu 95 akuyendera pa sitepe imene ikanakwana wa makilogalamu 60, n'kumadabwa kuti njinga ikugunda pansi pa dzenje lililonse. Ndipo mankhwala a mawondo otchipa kuposa onse ali kwa wosoka mipando: siponji yolimba ya zala ziwiri pamwamba pa mpando. Wamtali miyendo imafikabe pansi, koma bondo latsika, chiuno chamasuka.

Zopondera zenizenizo ndiye nkhani ina, ndipo apa ndi pamene ndimayambana ndi gulu lachiwiri, la anthu oti chilichonse mankhwala ake ndi moto wa wowotcherera. Pa njinga zam'tchire chopondera chilichonse chili pachokha, chili ndi mano ogwira nsapato m'matope, ndipo chikagunda chinthu chimapindikira m'mbuyo, kasipuling'i n'kuchibweza. Kupindikako si kokongoletsa ayi. Ndi kumene kumachititsa kuti chikakumana ndi chitsa chigonje, njinga ipitirire, m'malo moti chikole, njinga iime, iwe upitirire wekha m'malere. Ku South Africa ndi ku Ulaya, kumene anthu amapikisana pa njinga zoterezi, amagulitsa zopondera zotsikirako ndi zobwerera m'mbuyo za anthu aatali, ndipo kusiyana kwake amakuwerenga m'mamilimita, 5, 10, pena kupitirira pang'ono. Kuno munthu amadula chitsulo chomangira nyumba, kuchiwotcherera chikhatho chathunthu pansi, chosapindika, choterera ngati sopo mvula ikagwa, n'kumati wakonza. Walisendeza phazi kufupi ndi nthaka, m'misewu yathu ino imene dzinja madzi amakumba ngalande pakati penipeni. Ndipo waiwala kuti chopondera chikatsika, giya ndi buleki zatsala m'mwamba, vuto lija langokula.

Pa njinga wamba za kabaza, zopondera zonse ziwiri nthawi zambiri zimakhala pa mtanda umodzi womangidwa pansi pa injini. Umenewo ungosiyidwa pamene uli. Ukapindika chifukwa chogwa, umasulidwe ukawongoledwe. Malabala akatha, agulidwe ena. Wofuna malo a miyendo akweze mpando, asatsitse mtanda.

Choipitsitsa chimene ndimachiona pa magalaja a pansi pa mtengo ndi ichi. Bawuti ija ikakhwepa osamangidwa, chitsulo chimayamba kugwedera, timano n'kudyeka mpaka kutha. M'malo mogula chitsulo china nthawi ikadalipo, munthu amangoti, "Achimwene, tangochimatani," ndipo wowotcherera amamata chitsulo ku shafuti, njinga ili chiimire, batire ndi CDI zili chilumikizire. Kutentha kumapsereza kalabala kotchinga oyilo, mawa oyilo wayamba kuchuchira pa nsapato. Kuyambira tsiku limenelo chitsulocho sichidzasunthanso, kaya njingayo adzaitenge wamfupi kaya wamtali, ndipo tsiku lofuna kuchichotsa mpaka gilayinda. Taonani zodabwitsa za kwathu kuno: kusuntha dzino limodzi akuti n'kuwononga njinga, koma kuwotcha shafuti akuti n'kukonza. Ngati chitsulo chafupikadi kwa phazi lako, chichotse pa njinga, upite nacho m'manja, akachitalikitse sentimita imodzi kapena ziwiri basi. Chikatalika kwambiri phazi limayenda ulendo wautali pa giya iliyonse, ndipo njinga ikagwa chimapinda shafuti, imene kuisintha kwake mpaka kutsegula injini.

Nanga zija zoti fakitale inayeza kale? Tiyeni tizione. Injini zambiri za njinga zotchipa zimene zadzaza misewu yathu ndi zidzukulu za Honda CG125, imene inatuluka mu 1975. Isanapangidwe, a Honda anatumiza anthu awo kumayiko monga Thailand, Indonesia ndi Pakistan kukaona momwe anthu wamba amagwiritsira ntchito njinga. Anakapeza banja lonse pa njinga imodzi, katundu wopitirira muyeso, oyilo wosasinthidwa mpaka kuda bii. Sanabwerere kwawo kukanena kuti anthu amenewa azolowere. Anasintha njinga, n'kupanga injini yopirira nkhanza. Ndiye fakitale imene mukuigwadirayo inachita kupindika yokha kutsatira anthu. Koma ngakhale itafuna, singapange njinga imodzi yokwana aliyense. Imasankha munthu wa msinkhu wapakati, n'kusiya mabawuti, manati ndi timano kuti otsalafe timalize tokha. Pa njinga yakapalasa aliyense amakweza chishalo, palibe amaitana akatswiri. Dalaivala wa minibasi akalowa amayamba wakankha mpando. Buluku la pa kaunjika timapita nalo kwa telala. Chavuta n'chiyani ndi njinga yamoto, kapena chifukwa imalira?

Maofesi nawo asaone ngati ndawaiwala. Mnzanga wina wa ku koleji, mtsikana wamtali ndi wathupi ndithu, analembedwa ntchito ya m'midzi ku bungwe lina, n'kumupatsa njinga yam'tchire imene anasiya mnyamata wamfupi. Pepala limene anasaina likuti saloledwa kusintha chilichonse pa katundu wa bungwe. Ndikumvetsa chimene lamulolo likuopa, tonse timadziwa za anthu ochotsa zipangizo zatsopano n'kubwezerapo zakutha. Koma kuba kabuleta ndi kutembenuza handulo si mlandu umodzi. Bungwe lomwelo linamufunsa saizi ya jombo ndi ya chisoti lisanagule. Chinalephereka n'chiyani kuti tsiku lopereka makiyi makaniko akhalepo ndi sipanala, munthu akhale pa njinga, aimirire pa zopondera monga zimafunikira pa mabampu, aone ngati akufikira giya ndi buleki ali chiimire, ngati sakuwerama ngati akupalira? Iye akuyenda sabata yonse m'midzi pa njinga yokonzedwera thupi la munthu wina, ndipo anthu akamuona akulimbana ndi giya amagwedeza mutu, amvekere akazi njinga sadziwa.

Ndikudziwa chimene ena munene. Ngozi za kabaza zimabwera ndi liwiro, mowa, kuyendetsa opanda laisensi, kukweza anthu anayi, kukana chisoti. Eya, sindikutsutsa. Madokotala a mafupa ku Kamuzu Central akhala akudandaula pa wailesi ndi m'manyuzipepala za kuchuluka kwa anthu othyoka pa njinga zamoto, ndipo ovulala kwambiri a kuno ku Mchinji amathera komweko. Palibe wamisala amene anganene kuti onsewo anagwa chifukwa cha giya liva. Koma laisensi ndi ndalama, inshulansi ndi ndalama, chisoti chenicheni ndi ndalama, ndipo mnyamata wa pa siteji akati alibe, ine ndimamumvetsa. Ichi chokha ndiye chaulere. Pa zinthu zonse zimene zingathandize kuti munthu aime pa nthawi yake, chimene sichifuna ndi khobidi lomwe ndi chimene tasankha kuchiletsa, chifukwa cha mantha opanda mutu ndi mwano wa eni njinga. Ngozi ikachitika timangomva kuti woyendetsa analephera kuwongolera njinga. Zoti phazi lake linali pati nthawi imeneyo, palibe amafunsa.

Kusekana kuja nako kuthe. Wakabaza wa dzitho timamukonda tikakhala ndi matumba a soya ofunika kukweza, kapena njinga ikatitimira m'dambo n'kufunika woinyamula. Thupi lomwelo likapempha malo lasanduka nthabwala. Mpaka anyamata ena aatali amakana okha kusuntha kanthu kuopa kuoneka ofooka pamaso pa anzawo. Ukawafunsa amangoti, "Ndinazolowera, aise." Uku m'thumba la jekete muli panado.

Inu mabwana eni njinga, ndikulankhula nanu monga munthu amene amakhala kumbuyo kwa anyamata anuwo kawiri katatu pa sabata, kuchoka pa Ludzi kukakwera minibasi ya ku Lilongwe kumsewu waukulu. Ngati za msana wa mwana wa mnzanu sizikukukhudzani, werengani zanu zomwe. Mashuzi a buleki amene akungotha aja, pamapeto pake ndalama yake ikuchoka m'thumba mwanu. Giya imene ikumenyedwa ndi mwendo wonse m'mawa mpaka madzulo ndi yanu. Tsiku limene mnyamata walephera kudzuka, ndalama ya tsikulo simuiona. Muitaneni Loweruka madzulo, abwere atavala jombo zake, akhalepo, inu mugwade muone pamene chala chake chikufika. Sipanala ya 10 ili m'kabokosi ka zida kam'mbali mwa njinga, ngati simunaigulitse.